Mmene Edinah Anapempherera Mpira Wakale

Kwawo ku Namadzi, Edinah Makwinja ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kuponya mpira wa ntchemberembaye ndi kusagonja pa mkangano. Ali mtsikana ankasewera pakati m'timu ya kusukulu, ndipo akanapita nawo patali mpirawo pakanakhala kuti pakamwa pake pamatsekeka. Koma wezulo ikangolira kuti walakwa ndi iye, Edinah ankapana mpira m'khwapa n'kuyamba kuphunzitsa woimbira malamulo. Anamutulutsapo m'bwalo ku Thondwe. Ku Njuli atamutulutsa anapita nawo mpirawo, masewero n'kuthera pomwepo.

Atakula anagulitsako kaunjika ku Limbe, n'kukwatiwa ndi dalaivala wa minibasi amene anapirira zaka zingapo kenako n'kunyamula chikwama. Pochoka bamboyo anauza ankhoswe kuti mkaziyo alibe chifukwa chilichonse, kungoti m'nyumbamo munali ngati kukhoti kopanda tchuthi. Edinah anasiya mwana wake Jenifer m'manja mwa mchemwali wake, n'kukwera ndege kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Dubai.

Ku Dubai anaphunzira chinthu chimene aphunzitsi onse a ku Namadzi analephera kumuphunzitsa: kukhala chete. Ankagwira ntchito ku Silicon Oasis, m'fulati ya banja lina la ku Amerika. Madamu, a Renee, anali namwino pachipatala china mumzindamo. Bwana, a Brendan, ankagwira ntchito ya makompyuta. Anali ndi kamwana kakakazi dzina lake Zoe, kamene kanazolowera kumbuyo kwa Edinah moti kakangoona chitenje kankakweza manja. Mlungu wonse Edinah ankangoti “inde madamu, chabwino bwana,” mikangano yake n'kumaisungira Lachisanu, tsiku lopuma, pamene ankakumana ndi amayi anzake a ku Malawi akatuluka m'tchalitchi. Kenako kunabwera korona, n'kulanda ndi Lachisanu lomwelo.

Kutatsala pang'ono kuti matendawo afike, kunabwera mlendo. Anali a Clifton, bambo ake a madamu, mkulu wamtali wa imvi mbuu amene anakalambira pa chiwongolero cha mabasi mumzinda wa Atlanta. Anabwera kudzaona mdzukulu kwa masabata ochepa, koma ndege zinaimitsidwa iwo asanamange n'komwe katundu. Kutuluka panja kunayamba kufuna chilolezo. Popeza a Clifton anali ndi matenda a shuga, madamu anaganiza zomagona kufupi ndi chipatala kuopa kuwabweretsera matenda. Tsiku lochoka anaima pakhomo ndi chikwama chawo, n'kumuyang'ana Edinah m'maso.

“Edinah, mwanayu sindikumudera nkhawa. Koma amuna awiriwa, chonde, ndidzawapeze onse ali moyo.”

Edinah anaseka poyesa nthabwala. Kwawo mkamwini akakhala pamaso pa apongozi amakhala chapatali, chipewa chili m'manja, mawu akutuluka ngati akuwayeza pasikelo. Panalibe choti n'kumenyanirana.

Masana ena akusita zovala pabalaza, Zoe ali kumbuyo, a Clifton anayatsa kanema. Panaoneka amuna akuluakulu ovala zisoti, mapewa otukumuka ngati abisamo mapilo, akulimbirana mpira wooneka ngati papaya.

“Agogo, amenewu ndi masewero kapena ndewu?”

“Umenewu ndiye mpira wa miyendo wa kwathu,” anatero a Clifton. “Ndipo iyi ndi fainolo.”

“Wa miyendo bwanji pamene munthuyo waufungatira ngati mwana wobedwa? Nanga akungoimaimiranji? Taonani, akumananso kukagawana miseche.”

A Clifton anamufotokozera pang'ono: kuti timu imapatsidwa mipata inayi yoti isunthire kutsogolo, ndipo ikafikitsa mpira kumapeto kwa bwalo imapeza mapointi. Edinah anamva theka, theka lina analisiya. Chimene ankafuna kudziwa chinali chimodzi.

“Athu ndi ati?”

“Ofiirawo. Atlanta.”

Basi zinakwana. Ofiira anali kuthamanga ngati awathira tsabola, oyera a New England akungogwa n'kumadzuka. Mapointi anakwera mpaka pakona pa kanema panalembedwa 28 kwa 3. Edinah anaika ayironi pansi n'kuimba nthungululu imene inadzutsa Zoe ndi galu wa fulati yoyandikana. Atatembenuka anapeza a Clifton akupukuta misozi.

“Lirani, agogo, misozi ya chisangalalo siletsedwa! Chikho n'chathu ichi!”

Pakhomo la balaza panali pataima a Brendan, kapu ya khofi m'manja, akumwetulira. Iwo kwawo kunali ku Boston, ndipo oyerawo anali timu yawo. Edinah anawalemekeza mumtima: munthu akukwapulidwa chonchi koma akusekerera, ameneyu ndiye mkamwini woleredwa bwino.

Kenako zinthu zinayamba kutembenuka. Oyera anafika pa 9. Anafika pa 12. Ofiira anayamba kugwetsa mpira ngati wapakidwa sopo. Oyera atafika pa 20, Edinah anagwada pafupi ndi tebulo lositira, n'kukweza dzanja limodzi kumwamba, linalo litagwira mwana.

“Ambuye, sindinakupempheni kanthu chiyambire mlungu uno. Taonani mkuluyu ali kutali ndi kwawo, shuga ali naye. Afooketseni mawondo anyamata oyerawa. Osawapweteka ayi, kungowafooketsa basi.”

Oyera anafananitsa, 28 kwa 28. Mu nthawi yowonjezera anangoyenda ndi mpira ngati akupita kumsika, n'kukauika kumapeto. Masewero anathera 34 kwa 28. Edinah anadzuka mawondo akuwawa.

“Musadandaule, agogo, akadzatibwerera tidzawaonetsa. Koma kodi kwanuko korona kulibe? Anthu adzaza bwalo chonchi, wopanda ndi mmodzi yemwe wovala masiki?”

A Brendan anatsamwa ndi khofi.

“Edinah, mpira umenewu unaseweredwa 2017. Panopa kulibe masewero alionse, akungobwereza akale.”

Edinah anayang'ana a Brendan, n'kuyang'ana a Clifton.

“Ndiye kuti inu agogo mumadziwa kuti tiluza?”

“Ndinali m'bwalo momwemo, ku Houston,” anayankha mkuluyo motsitsa mawu.

“Nanga mukuuoneranji?”

“Ndikufuna ndione pamene zinalakwikira.”

Apa m'pamene onse anamva fungo. Ayironi inali itagona pa malaya oyera a bwana nthawi yonseyi, ndipo inasiya chidindo chake chathunthu kumsana. A Brendan sanakwiye. Anati pamisonkhano ya pakompyuta anthu amangoona kumaso, ndipo anawavala malayawo mpaka lokidauni inatha. Edinah analowa m'khitchini n'kupepesa kwa Mulungu kuti pa nthawi ya mliri ngati imeneyi, pamene anthu akupempherera mpweya, iye wawasokoneza ndi mpira woti unatha kalekale.

Kuyambira tsiku limenelo anazindikira chimene madamu ankanena. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, nkhani inali imodzi: pa masewero onse amene anaseweredwapo, osaiwalika ndi ati? A Brendan ankati palibenso china choposa chimene Edinah anaonacho. A Clifton ankati mpira weniweni unali wa Januwale 1999 ku Minnesota, pamene wokankha mpira wa timu ya kumeneko, amene sanaphonyepo chaka chonse, anaphonya pa nthawi yofunika, Atlanta n'kupambana mu nthawi yowonjezera. Ankafotokoza ataimirira, foloko ili m'mwamba.

“Ndiye mutapita ku fainolo chaka chimenecho zinatha bwanji, bambo?” ankafunsa a Brendan mwaulemu wonse.

A Clifton ankakhala pansi n'kumatafuna chinthu chimene munalibe mkamwa.

Chimene chinkamupweteka Edinah chinali chakuti mkamwiniyo sankatukwana, ankangoswa mtima wa apongozi mwakachetechete. Tsiku lina poitanitsa zakudya pafoni anafuula ali kuchipinda kuti, “Edinah, tiitanitse mazira 28 ndi anyezi atatu!” A Clifton anadzuka pampando n'kukadzitsekera kubafa. Mazirawo anabweradi, ndipo anawadya mpaka kutopa nawo.

Chithandizo chinachokera pansi pa nyumbayo. Anyamata obweretsa katundu sankaloledwa kukwera, choncho Edinah ankatsika pa lifiti kukatenga ku risepishoni. Kumeneko kunali mlonda watsopano, Nason Mwanza wa ku Matero ku Lusaka, wamfupi, wa mawu aakulu oposa thupi lake. Kale ankalondera pakhomo la bala ya hotela ina ku Business Bay kumene anthu a ku Amerika ankasonkhana kuonera mpira wawo, ndipo mabala atatsekedwa kampani inamusamutsira kuno. Atamva Edinah akudandaula za mazira, anavula masiki pang'ono kuti aseke bwino, n'kuibwezera.

“Iwe mlongo wanga, uyo bwana wako ni wa New England? Khalas, nkhani yasila. Kamufunse za 2008. Timu yake inawina magemu yonse chaka chija, yonse, palibe anaigwilako. Manje pa fainolo, kwasala pang'ono chabe, mnyamata wa New York anajumpa, anagwila bola na dzanja limodzi, anaipanikiza pa chisoti so! Bola siinagwe. Ba New England anabwelela kunyumba chimanjamanja. Ija ndiye gemu, osati izi zinangu.”

Edinah anakwera lifiti ngati wanyamula mankhwala a wodwala. Atawauza a Clifton, mkuluyo anamenya ntchafu.

“Ndinaiwala bwanji ine! Mlondayo ndani? Ameneyo ndi mwana wanga!”

Madzulo a tsiku lomwelo a Brendan potuluka pamsonkhano anapeza apongozi awo akuyendayenda pabalaza, atapanikiza ndimu pamutu ndi dzanja limodzi. A Clifton anangodutsa, n'kubwerera, n'kudutsanso. Kumwetulira kwa a Brendan kunazima koyamba chiyambire lokidauni.

Nkhondo tsopano inali ya anthu atatu, ndipo Edinah ndiye anali lamya yawo. Ankatsika ndi mawu a bwana akuti kugwira kwa pachisoti kunali mwayi wa tsiku limodzi, n'kukwera ndi yankho la Nason. Poyamba ankapereka uthenga monga waulandirira. Pasanapite nthawi anayamba kuthiramo mchere wake. Nason akati bwana sakudziwa bwino mbiri, pofika pamwamba mawuwo ankakhala akuti bwana anayamba kuonera mpira dzulodzuloli. Nayenso anali atayamba kuonera masewero akalewo tsiku ndi tsiku, zovala zositasita zikatha n'kumasitanso zomwezo. Chokhacho, asanakhale pansi ankayamba wafunsa chaka chimene mpirawo unaseweredwa, kuopa kuvutitsanso kumwamba.

Madamu ankaimba foni akaweruka, nkhope ili ndi mizere ya masiki, maso ali psuu ndi kutopa. Tsiku lina bambo awo ndi amuna awo atalimbirana foniyo, aliyense akufuna kudandaula za mnzake, a Renee anati apatsidwe Edinah.

“Ine kuno ndikuona zinthu zoti sindingakuuzeni. Sindingathe kuweruza za ndimu. Edinah, ithetseni nkhaniyi, mmene mungathere.”

Mawa lake Edinah anaitanitsa bwalo. Anakhazika a Clifton mbali iyi, a Brendan mbali inayo, foni ili pakati pa tebulo kuti Nason amve ali ku risepishoni. Aliyense anamupatsa mpata wolankhula, wina akalowerera ankamenya supuni pa kapu. Onse atatha anakonza chitenje n'kuimirira.

“Ndamva mbali zonse. Nonse mwalakwa. Mpira wosaiwalika ndi uja wa 1967, wa Green Bay ndi Dallas, umene anasewera bwalo litauma gwaa ndi chisanu.”

“Umenewo ndi mpira wabwino ndithu,” anatero a Clifton mosamala. “Koma chifukwa chake?”

“Woimbira ataika wezulo pakamwa, inamatirira pamlomo chifukwa cha kuzizira. Poichotsa inachoka ndi khungu. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto panalibenso wezulo, oimbira ankangokuwa pakamwa ngati anthu ena onse. Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikudikira tsiku loti wezulo ilangidwe.”

Kenako onse atatu anayamba kulankhula nthawi imodzi.

“Chimenecho si chifukwa!” anatero a Brendan.

“Mnyamatayu akunena zoona, si chifukwa chimenecho!” anatero a Clifton, n'kudzidzimuka okha ndi zimene anena.

“Awe mwandi, uyu mukazi afuna chabe kutisokoneza!” inakuwa foni.

Edinah anawayankha mmodzimmodzi, kenako onse pamodzi. Anawafunsa ngati wina wa iwo anatulutsidwapo m'bwalo popanda chifukwa. Anawauza kuti munthu amene akukhala m'dziko loti ukatsegula zenera umakhala ngati watsegula uvuni ali ndi ufulu wokonda mpira wa m'chisanu. Mkanganowo unatha dzuwa litapendeka, popanda wogonja, apongozi ndi mkamwini atakhala pa sofa imodzi kuti amuthe mphamvu. Edinah anakatsuka mbale akuimba. Chifikireni ku Dubai anali asanamvepo kukoma kotere.

Malamulo atafewa, a Brendan anayambiranso kupita ku ofesi, ndipo pasanathe nthawi anabwerako ndi chifuwa. Atayezedwa anawapeza ndi korona. Anawauza kuti adzitsekere kuchipinda, ndipo madamu analamula pafoni kuti bambo awo asayandikire n'komwe chitsekocho. M'nyumba munazizira. Edinah ankasiya chakudya pakhomo n'kugogoda, koma mbale zinkabwerera zitangolawidwa pang'ono.

A Clifton anakokera mpando kumapeto kwa kakhonde ka m'nyumbamo, kutali ndi chitseko, atavala masiki awiri. Ankakhala pamenepo usana wonse, n'kumaponya mawu.

“Brendan! Mpira uja unakakamira pachisoti!”

“Unali mwayi!” ankayankha mawu osasa m'katimo.

Mkuluyo ankagwedeza mutu n'kunong'oneza Edinah kuti, “Akupuma.”

Koma m'mawa wina sikunabwere yankho. A Clifton anabwereza za chisoti. Zii. Ananena za Minnesota. Zii. Edinah anagogoda, n'kuyamba kufufuza nambala ya madamu. Mkuluyo anaimirira atagwira khoma.

“Brendan, mwana wanga. Tamvera. Mpira wa 28 kwa 3 uja... unali mpira woposa yonse imene ndinaonapo. Anyamata ako anasewera. Wandimva?”

Kenako kunamveka kutsokomola kwakutali, bedi likulira, ndi mawu ofooka koma omveka bwino.

“Edinah, mulipo? Mwamva zimenezo? Mukhale mboni.”

Munthuyo anali m'tulo chabe, malungo atatsika koyamba. A Clifton anadzigwetsa pampando, akuseka uku misozi ikunyowetsa masiki.

“Zimene munthu wanena kwa wodwala siziwerengedwa,” anatero.

“Ine ndinali kufufuza nambala, sindinamve kanthu,” anatero Edinah. Aka kanali koyamba m'moyo wake kukana kulowa mkangano womwe wauitanidwira.

A Brendan anachira. Madamu anabwerera kunyumba ataonda, n'kupeza amuna awiri aja ali moyo monga anapemphera. Ndege zitayambanso kuuluka, a Clifton ananyamuka. Ku lifiti anakumbatira mkamwini wawo kwa nthawi yaitali, kenako anamupatsa Edinah juzi yawo yofiira ya Atlanta. Inamufika m'mawondo. Ankaivala ndi chitenje pa mapemphero a pafoni a amayi anzake a ku Malawi aja, mpaka mayi wina wa m'gululo, a Florah, anafunsa ngati walowa mpingo wina.

Chaka chotsatira, anthu atabayitsa katemera n'kuyambanso kuyendayenda, Nason anapempha Edinah kuti Lachisanu lina akamwe tiyi wa karaki pa kafiteriya ya pakona. Anabwera atavala malaya a mikono yaitali m'dzuwa limenelo, atameta bwino, akununkhira mafuta a kumsika wa ku Deira. Anaitanitsa makapu awiri ndi maparata, machapati a chimwenye, n'kumapukuta thukuta.

“Edinah, nakhala niganiza maningi,” anayamba. “Ija gemu ya mu chisanu. Unakamba zoona. Ndiye yopambana zonse.”

Edinah anaika kapu pansi.

“Wati chiyani?”

“Nati navomela. Iwe ndiwe unali right.”

“Nason, ukufuna chiyani kwa ine?”

Mlondayo anayang'ana denga, n'kuyang'ana mwenye amene ankakanda ufa kuseri kwa galasi, ngati angamuthandize. Kenako ananena mwachibwibwi kuti iye ndi munthu wamkulu, mkazi wake anamwalira kalekale, ana ake ndi akuluakulu, ndipo akuona kuti awiriwa akhoza kumamvana.

“Kumvana?” anatero Edinah. “Chaka chathunthu wakhala ukundiuza kuti kulibe mpira woposa wa pachisoti. Lero chifukwa cha tiyi wa m'kapu ya pepala wausiya? Ndiye mawa akabwera wina wokongola kuposa ine, udzandisiyanso ine chimodzimodzi. Mwamuna wogonja msanga chonchi ine ayi.”

Anatenga kachikwama kake n'kuimirira. Nason anamuyang'ana kukamwa kuli yasa, kenako magazi anamukwera.

“Nanga nikambe bwanji? Iyo gemu yako ni yaboza! Bantu banali kungoterereka monga mbuzi pa simenti! Ungakonde bwanji gemu chifukwa cha mulomo wa refa? Ija ya chisoti ndiye gemu, olo ukane, olo uyende, nizakamba mpaka ku manda!”

Anthu a pa matebulo ena anatembenuka. Edinah anaima kanthawi akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Kenako anabwezera kachikwama pampando n'kukhala pansi.

“Yalla, itanitsa tiyi wina, uyu wazizira,” anatero. “Ndipo mbuzi siterereka pa simenti. Yambira pomwepo.”